Hard drive yanga yayamba ulesi: kodi defrag ingathandize?

Funsoli lachokera kwa bambo wina wa ku Area 25 muno mu Lilongwe, amene amajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Alemba motere:

"Ndili ndi hard drive ya kunja ya 2TB momwe ndimasungamo ntchito zanga zonse pamodzi ndi zithunzi za banja. Ndakhala nayo zaka zitatu. Poyamba inkathamanga, koma masiku ano kukopa vidiyo imodzi kupita pa laputopu kukutenga nthawi yaitali, ndipo nthawi zina kanema amadukaduka ndikamaonera. Yatsala pang'ono kudzaza, malo otsala ndi 60GB okha. Mnzanga wandiuza kuti mafayilo amwazikana, ndipange defrag. Kodi ndi zoona? Ndikuopa kutaya ntchito za anthu, poti ena sanatengebe mavidiyo awo."

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mtima m'malo: hard drive ikayamba kuchedwa sindiye kuti mafayilo atayika, ndipo poti ikutsegukabe, mwafunsa nthawi yabwino. Mnzanuyo sananame ayi, kumwazikana kwa mafayilo kulipodi ndipo kumachedwetsa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musapange defrag lero, ntchito ija yosonkhanitsa zidutswa za fayilo iliyonse kuti zikhale pamalo amodzi. Pa zaka zomwe ndakhala ndikukonza makompyuta a anthu mu tawuni muno, ma hard drive ambiri amene eni ake amabwera nawo akudandaula za ulesi vuto lake lalikulu silinali kumwazikana. Ena anali atayamba kudwala, ndipo defrag ikagwera hard drive yodwala imatha kuimaliziratu.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika m'kati mwa kabokosi kanuko. Muli mbale zosalala zomwe zimazungulira, ndiponso kamkono kokhala ndi kasingano kowerengera kunsonga kwake. Kasinganoko kamayandama pamwamba pa mbale osaikhudza. Ma hard drive ang'onoang'ono a kunja ambiri amazungulira maulendo 5400 pa mphindi imodzi, pamene ambiri a m'makompyuta a pa tebulo amazungulira maulendo 7200. Fayilo ikakhala pamalo amodzi, kasinganoko kamangokhazikika pamzere wake, mbale n'kumadutsa pansi pake, iko n'kumawerenga mosadukiza. Zikatere hard drive ngati yanuyo imatha kuwerenga 100MB kapena kuposerapo pa sekondi. Koma fayilo ikakhala m'zidutswa, kamkono kaja kamayenera kusuntha kukafuna chidutswa chotsatira, kenako kudikira kuti mbale izungulire mpaka malowo afike. Kudumpha kumodzi koteroko kumadya mamilisekondi pafupifupi 15, ndipo milisekondi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. Zili ngati mlimi amene munda wake uli ndime imodzi kuseri kwa nyumba, ina kudambo, ina kutsidya kwa mtsinje: mphamvu zolima ali nazo, koma dzuwa limamulowera ali pa njira khasu lili paphewa.

Nanga zidutswazo zimabwera bwanji? Hard drive ikakhala yatsopano, malo opanda kanthu amakhala aakulu, ndipo Windows imaika fayilo iliyonse pamalo amodzi. Pakapita nthawi mumafufuta ukwati wa chaka chatha, kuikapo chinkhoswe, kufufuta zithunzi zina, kuikaponso vidiyo ina. Malo opanda kanthu amasanduka timipata tomwazikana. Mukabweretsa vidiyo yaikulu pamene mpata waukulu palibe, Windows imaiduladula n'kuigawa m'timipatato. Chinanso chomwe ojambula ambiri amachita akabwera kuukwati usiku atatopa ndi kukopa makhadi awiri kapena atatu a kamera nthawi imodzi kuti agone msanga. Mafayilo olembedwa nthawi imodzi amatha kulowana, chidutswa cha uyu, chidutswa cha uyo. Kutulutsa vidiyo yomwe mwamaliza kukonza molunjika pa hard drive pamene ikukopanso zina kumachita chimodzimodzi.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Tengani vidiyo ya 4GB. Ikakhala pamalo amodzi, pa liwiro la 100MB pa sekondi, imawerengedwa m'masekondi pafupifupi 40. Ikaduka m'zidutswa 64 zazikulu, chilichonse cha 64MB, kudumpha konse pamodzi kumangowonjezera sekondi imodzi. Simungazindikire n'komwe. Koma vidiyo yomweyo ikaduka m'tizidutswa ta 64KB, tizidutswato timapitirira 65,000, ndipo kudumpha kokhako kumadya mphindi pafupifupi 16. Ndiye nkhani si yakuti fayilo yaduka kapena sinaduke, koma kuti yaduka mwa ting'onoting'ono bwanji. N'chifukwa chake kuyambira pa Windows Vista, pulogalamu ya defrag ya Windows sivutika kulumikiza zidutswa zoposa 64MB. Phindu lake n'lochepa kwambiri poyerekeza ndi ntchito yake.

Kudzaza kwa hard drive yanu kukundipatsa chifukwa chokhulupirira kuti kumwazikana kulipo ndithu. Malo a 60GB pa hard drive ya 2TB ndi magawo atatu okha pa 100 alionse, ndipo malowo sali pamodzi, ndi timipata. Palinso china chomwe sichikhudzana ndi zidutswa: mizere ya kunja kwa mbale ndi yaitali kuposa ya m'kati, choncho imawerengeka msanga. Hard drive imayamba kudzaza kuchokera kunja, ndipo mafayilo amene amafika mochedwa amagwera chakum'kati komwe liwiro limatha kutsika mpaka theka. Zimenezi defrag singakonze.

Koma chomwe chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi kudukaduka kwa kanema. Vidiyo yojambulidwa pa ma megabit 50 pa sekondi (ma megabit 8 ndiwo amapanga 1MB) imangofuna pafupifupi 6MB pa sekondi kuti ionetse bwino, ndipo ya 4K ya ma megabit 100 imafuna 12.5MB. Hard drive yathanzi, ngakhale itamwazikana ndithu, kawirikawiri imakwanitsa zimenezi. Kanema akamaima n'kudikira, ndimayamba kukayikira malo owonongeka pa mbale. Kasingano kakafika pamalo oterowo kamalephera kuwerenga, n'kuyesanso kambirimbiri, ndipo nthawi yonseyo kompyuta imangodikira. Yesani kukopa vidiyo imodzi muyang'ane kabokosi koonetsa liwiro. Kumwazikana kumapangitsa liwiro kukhala lotsika koma loyendabe. Malo owonongeka amapangitsa kuti liwiro likhale pa 90MB, kenako ligwe mpaka pa 0, likhale pomwepo kwa kanthawi, n'kudzukanso, ndipo zimabwereza pa fayilo yomweyo ndi malo omwewo nthawi zonse. Mukaona uthenga wakuti "Data error (cyclic redundancy check)" ndiye kuti pali malo amene alephereka kuwerengeka. Defrag imawerenga ndi kulemba hard drive kwa maola ambiri osapuma, ndipo ntchito yotereyi siyenera kupatsidwa chinthu chomwe chikulephera kale.

Ndiye choyamba, chisanachitike china chilichonse, mafayilo anu akhale ndi malo achiwiri. Ndikudziwa kuti hard drive ina si yotsika mtengo masiku ano, ndipo kukweza 2TB pa intaneti ndi mabandulo athu sizingatheke. Koma ganizani za banja lomwe linakulipirani ndipo likudikira vidiyo ya tsiku lomwe silidzabweranso. Ngati ndalama ya hard drive ina palibe pakadali pano, yambani ndi zofunikira kwambiri: ntchito zomwe eni ake sanatenge, ndi zithunzi za banja lanu. Ikani pa laputopu, pa flash, pa kompyuta ya m'bale amene mumamukhulupirira. Akaunti ya Google imapereka malo a 15GB aulere, omwe angasunge zithunzi zambiri ndithu. Kopani foda imodzi, ithe, kenako ina. Fayilo ikakanirira, idumpheni mupitirize ndi zina, osaikakamiza.

Zofunikira zikapulumuka, yezani thanzi lake. Hard drive iliyonse imadzilembera yokha mbiri ya mavuto ake, ndipo pali pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo yomwe imawerenga mbiriyo. Ikalemba "Good" pa mtundu wabuluu, zili bwino. "Caution" pa mtundu wachikasu ndi chenjezo, ndipo "Bad" pa mtundu wofiira ndi ngozi. Pa mizere yomwe imaonetsa, itatu ndiyo ndimaiyang'ana poyamba. Mzere wa 05 umawerenga malo omwe anawonongeka n'kulowetsedwa m'malo ndi ena osungira. Mzere wa C5 umawerenga malo omwe akuvuta kuwerengeka pakadali pano, ndipo C6 ndi omwe alephereka. Yang'anani manambala a kumapeto, pansi pa mawu akuti "Raw Values". Pa hard drive yathanzi onse atatu amakhala pa 0. Akakhala kuti si 0, makamaka C5, ndipo akukwera mukayang'ananso patapita masiku, iwalani za defrag. Hard drive imeneyo ntchito yake yatsala ndi kutulutsamo katundu. Pulogalamu yomweyo imaonetsa kutentha kwake. M'miyezi ya October ndi November, m'chipinda chofolera malata chopanda siling'i, ndaonapo ma hard drive akupitirira madigiri 50 akamakopa nthawi yaitali. Ikafika pamenepo ipumitseni, ndipo musamaiike pa matiresi kapena pansi pa mapepala.

Tiyerekeze kuti yalemba "Good". Musanafike pa defrag, gwirani chingwe chake muchiyang'ane. Ma hard drive a kunja ambiri ali ndi bowo lotambalala, lokhala ngati mabowo awiri ophatikizana, lina lalikulupo lina laling'ono. Chingwe chake chenicheni chimadzaza mbali zonse ziwiri. Koma chingwe chochajira mafoni akale chimalowa bwinobwino mbali imodzi, hard drive n'kuyaka, n'kutseguka, munthu n'kuganiza kuti zonse zili bwino. Pamenepo imakhala ikuyenda pa USB 2.0, yomwe sipitirira 30MB kapena 40MB pa sekondi. Chimodzimodzinso bowo la pa laputopu: la USB 3.0 nthawi zambiri limakhala labuluu m'kati kapena lili ndi zilembo za SS pambali. Anthu angapo abwera kwa ine ali okonzeka kugula hard drive yatsopano, vuto lili chingwe chomwe mwana anasinthanitsa. Chingwe chotha kapena kabokosi kogawa mabowo a USB kotchipa kamathanso kuchepetsa mphamvu ya magetsi, hard drive n'kumazima ndi kuyaka yokha.

Kumbukiraninso kuti foda ya zithunzi zikwizikwi imachedwa kukopa kuposa vidiyo imodzi ya kukula komweko, ngakhale pa hard drive yatsopano. Fayilo iliyonse imafuna kudumpha kwake. Limenelo si vuto.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni. Dinani Start, lembani defrag, mutsegule "Defragment and Optimize Drives". Sankhani hard drive yanu n'kudina "Analyze". Izi sizisuntha kanthu, zimangoyeza. Ikaonetsa nambala yochepera 10%, kumwazikana si kumene kukukuchedwetsani. Ikapitirira pamenepo, defrag ingathandize. Windows imapanga ntchitoyi yokha sabata iliyonse pa hard drive ya m'kati, koma ya kunja nthawi zambiri imaphonyedwa chifukwa nthawi yake ikakwana imakhala ili m'chikwama. Onaninso mtundu wa kasungidwe kake podina kumanja pa hard drive mu File Explorer n'kusankha "Properties". Ikakhala NTFS pulogalamuyi imagwira. Ikakhala exFAT, monga ambiri ogulitsidwa kuti azigwira pa Windows ndi pa Mac pomwe, pulogalamu ya Windows siipanga defrag.

Ngakhale itakhala NTFS, pali zopinga ziwiri. Choyamba ndi malo. Defrag imafuna mpata woti iziikapo zidutswa pamene ikusanja, ndipo kuti igwire bwino pamafunika malo opanda kanthu okwana 15%, omwe pa hard drive yanu ndi pafupifupi 280GB. Ndi 60GB idzavutika maola ambiri n'kukonza zochepa. Chachiwiri ndi kapangidwe ka ma hard drive opyapyala a masiku ano. Ambiri a 2TB ndi kupitirira amagwiritsa ntchito njira yotchedwa SMR, momwe mizere imalembedwa mothinana, wina kukwera pang'ono pa unzake, kuti mulowe zambiri. Kuwerenga kumayenda bwino, koma kusintha kachigawo kakang'ono kumafuna kulembanso mizere yoyandikana nayo. Defrag ndi ntchito ya kulemba ndi kulembanso basi, choncho pa hard drive yotereyi imatha kutenga masiku.

Apa mpamene nkhani ya magetsi imalowa. Laputopu ili ndi batire, ndipo hard drive yaing'ono yodyera pa USB imapitiriza kuyenda magetsi akazima. Koma yaikulu yokhala ndi pulagi yakeyake imazima pomwepo ngakhale laputopu ikuyaka, chimodzimodzi kompyuta ya pa tebulo yopanda UPS, batire losunga magetsi akazima. NTFS imasunga kaundula wa zomwe ikuchita ndipo kawirikawiri imadzikonza ikadzidzimutsidwa, koma sindingaike ukwati wa munthu pa chiyembekezo chimenecho. exFAT ilibe kaundula wotere, ndiye kuizula osadina "Eject" n'koopsa kwambiri.

Chifukwa cha zonsezi, njira yomwe ndimalangiza anthu a ntchito ngati yanu si defrag ayi. Pezani hard drive yachiwiri, mukopere zonse, foda imodzi pa nthawi. Mafayilo olembedwa motsatizana pamalo opanda kanthu amakhala osamwazikana, ndiye mwapanga defrag ndi kusunga kopi pa ulendo umodzi. Tsegulani mavidiyo angapo pa yatsopanoyo, muwathamangitse mpaka kumapeto, muyerekezenso kuchuluka kwa mafayilo mbali zonse ziwiri. Mukakhutira, ndipo ngati yakaleyo ili yathanzi, ifomateni, kutanthauza kufufuta zonse zili m'menemo, n'kubwezeramo zinthu kuti ikhale kopi yachiwiri. Dziwani kuti pa maola amene mwafomata koma simunamalize kubwezera, katundu wanu ali pamalo amodzi okha, choncho ntchito zomwe eni ake sanatenge zikhalenso pa laputopu nthawi imeneyo. Pobwezera, dzifunseni ngati zojambula zosakonza za maukwati a zaka zitatu zapitazo zikufunikadi zonse. Ambiri amapeza malo ochuluka pamenepo.

Zonsezi ndi za hard drive ya mbale zozungulira. SSD (chosungira mafayilo chopanda mbale), flash ndi khadi la kamera mulibe chosuntha m'kati, ndipo chidutswa chilichonse chimafikiridwa mwachangu mosatengera komwe chili. Kuzipanga defrag n'kungozikalambitsa, chifukwa zili ndi malire a kuchuluka kwa kulemba. Windows imazindikira SSD, ndipo mukadina "Optimize" imapanga ntchito ina yotchedwa TRIM, youza SSD malo omwe afufutidwa. Imeneyo isiyeni izichitika. Chenjerani ndi mapulogalamu akale a defrag omwe amayenda m'ma flash a anthu, ena sasiyanitsa. Ngati laputopu yanu ili ndi SSD m'kati, muzikonzera mavidiyo pamenepo, mukamaliza n'kusamutsira ku hard drive. Ntchito idzafulumira kuposa mmene defrag iliyonse ingachitire, ndipo vidiyo yomalizidwa idzalembedwa pamalo amodzi. Mtsogolomu muzisiya malo osachepera 15%, ndipo hard drive ikamazungulira musamainyamule kapena kuigwedeza, poti kasingano kaja kali pafupi kwambiri ndi mbale.

Pali zizindikiro zina zomwe mukaziona musayesenso nokha. Hard drive ikayamba kulira "tiki, tiki" mobwerezabwereza pa chingwe chabwino, ikamasowa pa kompyuta n'kubweranso, kapena Windows ikakuuzani kuti muifomate musanaigwiritse ntchito, dinani "Cancel", izuleni, muisunge. Kuilumikiza kambirimbiri kuti muone ngati yachira kumawonjezera kuwonongeka. Musayendetse chkdsk, pulogalamu ya Windows yofufuza ndi kukonza zolakwika, pa hard drive yodwala musanatulutsemo katundu, chifukwa imasintha zinthu m'katimo ndipo zina sizibwereranso. Za kuika mu firiji zomwe anthu amauzana musazimvere, chinyezi chimalowa. Pitani nayo kwa wokonza, koma musanamusiyire mufunseni kuti ayamba ndi chiyani. Wodziwa ntchito adzakuuzani kuti ayamba wakopa hard drive yonse mmene ilili kupita pa ina yathanzi, mwina ndi pulogalamu ngati ddrescue yomwe imayamba ndi malo osavuta n'kubwerera ku ovuta pambuyo pake, ndipo kufunafuna mafayilo adzakuchitira pa kopiyo. Amene akufuna kufomata kaye, kapena kutsegula chivindikiro cha mbale pa tebulo la m'shopu, mulandeni. Fumbi la mu Lilongwe muno likagwera pa mbale zija, kanthu kakang'ono komwe diso silikuona n'kokwanira kukala pomwe pali mafayilo anu. Gwirizananinso za mtengo ntchito isanayambe, ndipo mumukumbutse kuti muli zithunzi za mabanja a anthu zomwe siziyenera kutuluka.

Mukatulutsa ntchito zomwe eni ake akudikira, tsegulani CrystalDiskInfo ndipo mundilembenso: mtundu womwe yaonetsa, manambala a pa 05, C5 ndi C6, ngati ndi NTFS kapena exFAT, ndi liwiro lomwe mukuona pokopa vidiyo imodzi yaikulu pa bowo labuluu ndi chingwe chake chenicheni. Ndikaona zimenezo ndidzakuuzani ngati hard drive imeneyi ingakhale kopi yanu yachiwiri kapena yafika popuma.